Chipsera cha Che Twaibu

Che Twaibu tinawaika m'manda mpunga ukuyamba kufiira m'madimba, ndipo sadaka yawo tadya sabata yathayi. Ine ndine Mkhristu, wa makolo ochokera ku Mozambiki, koma pa sadaka ya mnansi safunsa mpingo. Umangosamba m'manja n'kupeza pokhala pamkeka. Ndinapezeka pafupi ndi a Makwinja, mkulu amene anakangana ndi malemuwo kuyambira tsitsi lili lakuda mpaka onse awiri atatha mano. Sanadye kwenikweni. Ankangokankha mpunga ndi zala uku ndi uku m'mbale, kenako anatsamira kwa ine.

"A Namakhwa, inu mumawerenga. Nkhani ija nde yathera pomwepa?"

Ndinawayankha kuti kuwerenga kwanga n'kwa nyuzipepala zokulungira matemba, zimene nkhani imaduka pamene pafika mafuta, choncho nkhani zopanda mathero ndinazizolowera. Sanaseke. Nanenso sindinaseke. Tonse tatopa nayo nkhaniyi.

Nkhani yake ndi iyi. Che Twaibu ankati ali mnyamata anapita kunja kukafuna ntchito, monga ankachitira amuna ambiri a kuno, n'kukathera m'khitchini ya munthu wina amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dziko lakwawolo. Dzina la munthuyo sindilemba. Iwo eni sankalitchula, ankangoti "Mwini nyumba". Dziwani chabe kuti anali mmodzi wa aja amene nkhope zawo zimasindikizidwa pa zitenje, amene anayamba ngati mpulumutsi, n'kulamula mpaka anthu kutopa naye, n'kuthamangitsidwa, n'kukafera kwa eni. Che Twaibu ankati anamuphikira asanakhale pampando, ndiponso zaka zoyamba atakhalapo. Ankatinso tsiku limene asilikali ena anayesa kulanda boma, masana dzuwa lili pamutu, chipolopolo chinawapeza pantchafu akukazinga nsomba. Atachira anawakweza sitima kubwerera kumudzi.

Anzawo ochokera kunja ankafika ndi njinga, wailesi, jekete lachikopa. Iwo anatsika pa Songani ndi mipeni iwiri yokulunga m'thaulo, akutsimphina pang'ono. Chithunzi analibe. Chipseracho palibe anachionapo, chifukwa chinali pamalo amene mwamuna wa Chisilamu savula pagulu, pakati pa mchombo ndi bondo. Kumtsinje sankasamba ndi amuna anzawo. Ankatunga madzi n'kukasambira kuseri kwa mpanda. Mkazi wawo, amene akanachitira umboni, anali mayi wa mawu ochepa, ndipo anatsogola kalekale. Choncho mudzi unagamula wokha kuti ndi bodza, n'kuwapatsa dzina loti Che Nduna ya Mapoto.

Anali munthu wamfupi, wochepa thupi, wa mkanjo wotuwa ndi kofiya yoluka, mpango uli paphewa. M'mawa akachoka kumzikiti ankakhala pakhonde kunola mipeni ija, ngakhale tsiku lopanda chodula, mpaka mwala wonolera unadyeka pakati ngati mphero. Anyezi ankadula maso ali kumsewu. Pa maukwati ndi pa sadaka amayi ankachita kuwathamangitsa kumoto, chifukwa sankapirira kuona mpunga ukutakasidwa ndi mthiko. Ankati mpunga si mlandu woti uziutembenuza uku ndi uku. Ukauthira madzi uuvundikire, uusiye uganize wokha.

Koma ntchito imene tinkawadziwa nayo kwenikweni inali yosambitsa maliro. Mwamuna wa Chisilamu akamwalira, kuyambira ku Naisi mpaka kuno, ankatumiza njinga kudzatenga Che Twaibu. Thabwa losambitsirapo linkakhala kwa iwo, lotsamiritsa kukhoma kumapeto kwa khonde. Ankalowa m'nyumba ya maliro ndi owathandiza, n'kutseka chitseko, n'kufunditsa thupi ndi nsalu, manja okha n'kumagwira ntchito kunsi kwake. Potuluka ankanena mawu amodzimodzi, kaya malemuyo anali shehe kaya anali womwa mobisa: "Tamusambitsa, wayera." Achibale ena ankawatsatira kuseri kukafunsa ngati panali zotupa, ngati panali mabala, ngati anali matenda aja. Iwo ankangowayang'ana ngati Chichewa sakuchimva.

Iwo ankaphunzitsa owathandiza kuti wosambitsa ali ndi manja ndi maso, koma pakamwa amasiya panja pamodzi ndi nsapato. Wakufa sangadzifunditse yekha, ndiye chimene waona pathupi pake chilowe naye m'manda. Ankaonjeza kuti kuphika m'nyumba ya munthu ndi kusambitsa maliro ndi ntchito imodzi, chifukwa konseko umamuona munthu atavula ulemu wake. Amene anagwira bwino chiphunzitsochi ndi Che Idrisa, bambo wa ana akuluakulu, wokonza njinga pa Songani.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti anthu omwe ankawapatsa matupi a abambo awo mosakayika sankawakhulupirira pa nkhani ya khitchini.

Wotsogolera kusakhulupirirako anali a Makwinja. Iwo anakhalapo mesenjala pa ofesi ina ku Zomba, ndipo ankadziona kuti za akuluakulu amazidziwa, poti anawatsegulirapo zitseko. Madzulo aliwonse ankabwera pakhonde paja kudzasewera bawo ndi kudzatsutsa. Ine ndinkakhala pambali ndi nyuzipepala yanga yonunkha nsomba.

"Tatiuzaninso, achimwene, pulezidenti wanu uja ankakonda kudya chani?"

"Nkhoko za mpunga. Alendo akapita ankalowa kukhitchini ndi supuni, n'kumapala poto ataimirira."

"Mwamva, a Namakhwa? Munthu wa dziko lonse kupala poto ngati mphaka. Bodza lizikhala ndi ulemu, Che Twaibu. Bwanji osanena kuti ankadya nkhuku?"

"Nkhuku ankadya ndi alendo. Sewerani, dzanja ndi lanu."

Kutsimphina kuja a Makwinja ankati kunayamba atagwa mumtengo wa mango. Che Twaibu sankatsutsa. Ankangowadyera nkhomo za bawo mwakachetechete.

Zinali zoseketsa mpaka chaka chimene mwana wawo wamkazi, Abiti Twaibu, anakangana malire a dimba ndi banja loyandikana nalo. Akuluakulu a mabanja awiriwo atakhala pansi, Che Twaibu anaimirira kusonyeza pamene apongozi awo anadzala nthochi yamalire, poti tsikulo analipo. Mnyamata wina wa mbali inayo anafunsa kuti, "Malirewa anakuuzani ndi pulezidenti?" Anthu anaseka, ndipo umboni unathera m'kusekako. Ndime ya mpunga inapita. Abiti Twaibu anawadandaulira atate ake kuti angotenga amuna awiri achikulire, akawaonetse chipseracho kuseri, dzina lawo liyere. Anakana. Mawa lake sindinamve mpeni ukulira pamwala.

A filimu anabwera nthawi ya fumbi. Galimoto yoyera inaima pansi pa mango, munatuluka mayi wachizungu, bambo wakuda wa ku dziko lija atanyamula kamera, ndi dalaivala wa ku Blantyre amene analinso womasulira. Anati akupanga filimu ya moyo wa mtsogoleri uja, amene panthawiyo anali atamwalira, kuyambira kubadwa kwake mpaka imfa, ndipo akuyenda mayiko kufunafuna aliyense amene anamudziwa. Mwana wamkazi wa malemuyo anawauza kuti kunyumba kwawo kunali wophika wa ku Malawi, Twaibu wa ku Domasi, amene anavulala mwendo.

Abiti Twaibu anathamangira kwa ine kuti ndikakhale khutu la banja, poti ndimadziwa Chingerezi. Chingerezi changa ndinachiphunzira ndekha m'dikishonale imene chiswe chinadya masamba akumapeto, moti mawu a chigawo chimenecho ndimangowaganizira. Nditamupatsa moni mayi uja, anamwetulira mwaulemu n'kufunsa dalaivala kuti ndati chani. Kuyambira pamenepo ndinakhaladi khutu basi.

Anthu anadzaza pabwalo. Ena anayamba kuyang'ana a Makwinja, koma iwo sanagwedezeke.

"Musathamange. Kuno ukaponya mwala pa Songani ugenda Twaibu."

Sananame. Dalaivala anavomera kuti anali atafika kale kwa a Twaibu ena awiri, ndipo onse, atangoona galimoto, anayamba kutsimphina bwino kwambiri.

Che Twaibu anatuluka atavala mkanjo wa Lachisanu. Anamuyang'ana bambo wa kamera n'kumuuza mawu angapo m'chinenero chimene sitinachimvepo. Bamboyo anaseka, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri. A Makwinja anati ngakhale iwo amapereka moni m'Chipwitikizi koma sanaphikirepo munthu.

Anawakhazika pampando, n'kuwapachika kachipangizo kotolera mawu pachifuwa. Anayamba bwino. Anafotokoza khitchini, mbaula yake, zenera loyang'ana ku mtengo wa mandimu, nkhoko zija, ndi mmene kamtsikana ka m'nyumbamo kankabera shuga. Mayi uja ankagwedeza mutu, koma zinkaoneka kuti akudikira zina. Kenako analankhula motsitsa mawu, dalaivala n'kumasulira.

"Akuti, ambuje, tsiku la asilikali lija. Ena amati bwanayo anaima pakhomo osaopa, ena amati anabisala. M'nyumbamo akuti munali inu ndi iye basi. Chinachitika n'chani?"

"Ndinkakazinga nsomba."

"Ndiyeno?"

"Nsomba zinapserera."

Anthu anaseka. Mayi uja anadikira kusekako kuthe, n'kufunsanso mwanjira ina. Che Twaibu anatembenukira kwa dalaivala.

"Mwana wanga, munthuyu anamwalira eti?"

"Eya, ambuje."

"Anamusambitsa?"

"Kaya. Ndikhulupirira anatero."

"Nde ine ndimuvule bwanji?"

Dalaivala anavutika kumasulira zimenezi. Mayi uja anayankha nthawi yaitali, ndipo ine ndinatolako kuti ndi za mbiri, kuti anthu a dzikolo ayenera kudziwa zoona za munthu amene anawalamulira. Che Twaibu anamvetsera mpaka anamaliza.

"Muwauze kuti zimene anachita pabwalo akafunse a pabwalo. Ine ndinali wa m'nyumba."

Apo bambo wa kamera anaika kamera pansi, n'kugwada pafupi nawo. Anapempha kuti angomuonetsa chipseracho iye yekha, kuseri, popanda kujambula, kuti atsimikize kuti apeza munthu wake. Abiti Twaibu anali atagwada pakhomo. Anangoti, "Ababa, chonde." Atate ake anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinaganiza kuti aimirira.

"Chipsera sichiyenda chokha," anatero. "Chimakoka nkhani yake. Ndikakuonetsa uyamba kufunsa kuti chinalowera pati, chinachokera kuti."

Anamasula kachipangizo kaja pachifuwa, n'kukapereka ndi manja awiri, n'kuuza mwana wawo kuti alendo apatsidwe tiyi. A filimu anamwa, anajambulako phiri ndi mipeni ija, n'kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Abiti Twaibu anatenga ndowa kupita kumjigo, mitsuko ili yodzaza.

Patapita masiku ndinawapeza okha ndipo ndinayesa kuwatsutsa, monga munthu wowerenga.

"Ambuje, ine ndinawerengapo kuti munthu uja anatsekera anthu m'ndende, ena sanatuluke. Wotereyo n'kumufunditsa?"

"Amene anatsekeredwa anene, ndipo anene mokweza. Limenelo ndi bala lawo. Ine sindinati anali wabwino. Ndasambitsapo anthu oipa m'mudzi muno, a Namakhwa, ena munkawavulira chipewa. Madzi ake ndi omwewo."

Ndinali nalo yankho labwino la m'mabuku, koma linandibwerera ndili kale panjira.

Mvula inagwa n'kuleka kangapo tisanamve kanthu. A Makwinja anali atalengeza kuti filimuyo ikadzatchula Che Twaibu, iwo adzapepesa pagulu. Tsiku lina Che Idrisa anabwera kudzatiuza kuti mwini vidiyo sho wa pa Songani waipeza pa intaneti, ndipo aonetsa Loweruka masana. Tinapita pafupifupi mudzi wonse. Che Twaibu anakwezedwa pakaliyala ya Che Idrisa, atayalirapo pilo, ali mu mkanjo wa Lachisanu uja. Chisakasa cha vidiyocho n'cha mabango ndi mapepala akuda, mkati motentha ngati uvuni. Ine anandikhazika pambali pa kanema kuti ndizimasulira. Mwamwayi mawu ankalembedwa pansi pa zithunzi, ndipo polemba ndiye pamene Chingerezi changa chimaima ndi miyendo iwiri.

Filimuyo inali yaitali. Tinaona zithunzi zakale za mnyamata wowonda wovala jekete lalikulu, makamu akugwedeza mbendera, nduna zonenepa zikukumbukira zili pamipando yofewa. Tinaona amene anatsekeredwa, akulankhula mokweza monga ananenera Che Twaibu, mmodzi akuonetsa zala zopindika. Koma ena onse analankhulanso. Dalaivala wa mtsogoleriyo anatchula za akazi. Dokotala wake anafotokoza matenda ndi malo ake pathupi. Nkhope yatsopano ikaoneka, ana ankati, "Si amenewa," ndipo a Makwinja anati mwina akuwasungira kumapeto ngati nkhoko.

Kenako inafika nkhani ya tsiku lija. Analankhula mkulu wina, msilikali wakale, mmodzi wa amene anafuna kulanda boma. Ndinawerenga mawu ake mokweza m'Chichewa ndisanawaganizire. Anati iwo anazungulira geti koma sanawombere nyumba, chifukwa ankafuna kumugwira wamoyo. Anati tsikulo inalira mfuti imodzi yokha, ndipo inalirira mkati mwa nyumba.

"Mwamva?" anatero a Makwinja, akutembenukira anthu. "Sanawombere nyumba. Nde chipolopolo cha achimwenewa chinagwa ndi mvula?"

Chisakasa chonse chinaseka. Ine ndinabwereza mawuwo m'mutu. Ndinakumbukira kuti pa zaka zonsezo Che Twaibu sananenepo kuti anawawombera asilikali. Ankangoti chipolopolo chinawapeza. Asilikaliwo tinaikamo ndife. M'nyumba munali anthu awiri, mmodzi atagwira chiwaya. Ndiye kuti mfuti inali m'manja mwa winayo, mwina akunjenjemera, mwina atamva chitseko cha khitchini chikulira. Umboni umene mudzi unaufuna moyo wawo wonse unali utangodutsa pakamwa panga, ndipo anthu anautenga chozondoka.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Che Twaibu, amene ankayang'ana manja awo pamaondo, anatukula maso n'kundiyang'ana mmene ankayang'anira achibale aja ofunsa za mabala. Ndinapitiriza kumasulira.

Chakumapeto anaonetsa mtembo wa mtsogoleri uja. Sindikudziwa amene anajambula. Unali pabedi lachitsulo m'chipinda cha kudziko la eni, chifuwa chili pamtunda, nthiti zikuwerengeka, kukamwa kuli yasa, ndipo kamera inakhalapo osachoka. Che Twaibu anaimirira. Anadutsa pakati pa mabenchi akutsimphina, anthu akubweza maondo, n'kuchotsa mpango paphewa, n'kuufunditsa pakanema.

Anyamata a kumbuyo anayamba kukuwa kuti madala achoke, anthu akuonera. Mwini vidiyo sho anadzuka, koma Che Idrisa anamugwira pamkono n'kumukhazika. Che Twaibu anaima pomwepo, atagwira nsonga ziwiri za mpango kuti usagwe, kuwala kukudutsa mu ulusi wake, nyimbo yachisoni ikumveka kunsi. Nyimbo itasintha anasuzumira, n'kuchotsa mpango, n'kuupinda. Pakanema pankakwera mayina a onse amene anathandiza. Ndinawerenga onse, ngakhale palibe anandipempha. La Twaibu panalibe.

Kuchokera tsiku limenelo nkhani ya khitchini sanainenenso, ngakhale ya nkhoko. A Makwinja ankayesa kuwaputa.

"Achimwene, lero pulezidenti wadya chani?"

"Sewerani."

Kupambana kumeneko sikunawakomere a Makwinja. Ankabwerabe madzulo, koma bawo linkatha msanga, ndipo ankabwerera dzuwa likadalipo. Ana analeka kunena za Nduna ya Mapoto, osati chifukwa chokhulupirira, koma chifukwa nthabwala inali itatha mchere. Che Twaibu anapitiriza kusambitsa mpaka manja anayamba kunjenjemera, kenako ankangokhala pakhomo la nyumba ya maliro kumvetsera ngati madzi akuthiridwa bwino. Anadwala chifuwa masabata ochepa, n'kupita m'mawa wina anthu akuchokera kumzikiti. Anawasambitsa Che Idrisa, pathabwa lawo lomwe lija.

Ndiye tsiku lotsatira sadaka, a Makwinja anafika kwathu atavala jekete, n'kunena kuti ndiwaperekeze ku Songani. Tinamupeza Che Idrisa pansi pa mthunzi wake, akumiza chubu m'beseni kufuna pobowoka.

"Che Idrisa, tabwera ngati akuluakulu," anayamba a Makwinja. "Munawasambitsa ndinu."

"Ndine."

"Pantchafu paja."

Che Idrisa anazunguliza chubu m'madzi pang'onopang'ono. Tithovu tinatuluka, n'kuikapo chala.

"Tinawasambitsa, ayera."

"Sitikufunsa zambiri, mwana wanga. Chinalipo kapena panalibe? Ine ndakalamba. Ndikufuna ndidziwe ngati ndili ndi chopepesa."

"Ngati chilipo chopepesa, a Makwinja, manda mukuwadziwa. Ine ndinalowa ndi manja."

"Ngakhale kungogwedeza mutu?"

Che Idrisa anapukuta chubu pabuluku lake n'kuyamba kupala pobowokapo. Mutu wake sunapite uku kapena uku. Tinaima pang'ono ngati anthu odikira minibasi, kenako tinatsanzika.

Pobwerera tinayenda mpaka titasiya tala. A Makwinja anaima kupuma, atatsamira ndodo.

"Chikanakhala kuti panalibe, akanati panalibe eti?"

"Sakananena."

"Anaphunzitsidwa ndi mdani wanga ameneyu. Nanga inu, owerenga, mukuti bwanji?"

Ndinawauza zimene ndinaganiza m'chisakasa muja, za mfuti imodzi ndi anthu awiri. Ine si wosambitsa, ndipo sindinaone kanthu ndi maso. Ndi kuganiza chabe kwa munthu wa dikishonale yodyedwa. Gawo langa la nsalu yofunditsa ndi dzina lija la mtsogoleri limene sindinalembe. A Makwinja anamvetsera akuyang'ana kuphiri.

"Nde mukuti anamuwombera bwana wake yemwe, iye n'kumufunditsa mpaka kutaya dimba?"

"Ndikutero. Kutsimikiza sindingathe."

"Bodza lizikhala ndi ulemu, a Namakhwa," anatero. Koma anatero motsitsa, ndipo sanapitirize nane njira ya kumudzi. Anati ndizipita, iwo adzera kwina. Njira imene anatenga imadutsa kumanda a Asilamu. Sindinawatsatire, ndipo sindinawafunse.

Dzulo ndinadutsa pakhonde paja. Abiti Twaibu amasesapo m'mawa, koma sakhalapo. Thabwa linapita kwa Che Idrisa, ndipo pakhoma patsala mzere wautali woyera pamene fumbi silinkafika. Mipeni anaichotsa kuopa ana. Mwala wonolera udakalipo, poti ndi wolemera, ndipo m'chibowo chake mwadikha madzi a mame amene nkhuku zimabwera kudzamwa. Mpango uli pamsomali kuseri kwa chitseko, wopinda monga anaupindira. Bawo lili pansi pa benchi, nkhomo zili m'maenje mmene zinasiyidwira, ndipo mbali imodzi yokha ya benchi ndi imene ilibe fumbi. Abiti Twaibu akuti a Makwinja amabwerabe madzulo, amakhala pamalo pawo, osakhudza bawo, osalankhula, mpaka kumzikiti aitane.